Mwana amadziwa kale

Kuno ku Chama, mai akadwala mwakayakaya, akulu timateteza mwana ndi bodza. Timati amai apita ku Lundazi kukalandira mankhwala, abwera posachedwa. Tsiku la maliro timamutumiza kwa ambuya ake kuti asaone bokosi. Timachita izi mwachikondi, poganiza kuti mtima wa mwana ndi wanthete. Koma mwana amene amatunga madzi a wodwala ndi kumuphikira phala amaona zonse. Chimene amasowa ndi munthu womuuza zimene zili mumtima mwake.

Pali buku la ana lonena za zimenezi, lotchedwa A Monster Calls, lolembedwa ndi Patrick Ness mu 2011. Maganizo a nkhaniyi anali a mlembi wina, Siobhan Dowd, amene anamwalira ndi khansa mu 2007 asanailembe. Mu 2012 bukuli linapata mphotho ziwiri za ku Britain, Carnegie Medal ya nkhani ndi Kate Greenaway Medal ya zithunzi za Jim Kay.

Nkhani yake ndi ya Conor, mnyamata wa zaka 13 amene amai ake akudwala khansa. Pakati pa usiku, nthawi ili 12:07, mtengo wa yew wa kumanda umasanduka chilombo nubwera pawindo pake. Chilombocho chimamusimbira nthano zitatu, ndipo chimamuuza kuti yachinayi adzasimba iye mwini, yoona. Nthano zitatuzo sizigawa anthu kukhala abwino ndi oipa. Muli mwana wa mfumu amene anapha munthu koma nkulamulira bwino dziko, muli sing'anga waumbombo amene ankachiritsadi anthu. Yachinayi ndiyo yovuta: Conor anatopa ndi kudikira, ndipo pansi pamtima ankafuna kuti zonse zithe, ngakhale ankadziwa kuti kutha kwake ndi imfa ya amai ake. Ankadziona ngati wakupha.

Mlongo wanga anamwalira atadwala nthawi yaitali, nasiya mnyamata wa zaka 11. Maliro atatha mwanayo sankalira. Ankangoyambana ndi anzake kusukulu ndi kukana nsima. Chingerezi cha m'bukumo chinali chomukulira, choncho ndinayamba kumusimbira madzulo m'chilankhulo chathu, pang'onopang'ono. Mtengo wa yew ndinausandutsa mlambe, ngati ija ya m'chigwa cha Luangwa. Titafika pa nthano yachinayi sanayankhe kanthu. Patapita masiku awiri, tikupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, anati, "Amalume, inenso ndinkafuna kuti zithe."

Ndinamuuza kuti kufuna kuti ululu uthe sikupha munthu, kuti amai ake anatengedwa ndi matenda, ndiponso kuti ifenso akulu maganizo omwewo ankatifikira usiku tikukhala pambali pa mphasa yawo. Apo mpamene analira, kulira kumene kunamukanika pamaliro. Sanasinthe tsiku limodzi. Koma anayamba kutchula amai ake poyera, nafunsa ngati angapite kukaona manda awo. Tinapita.

Ambuya athu ankadziwa mphamvu ya nthano. Ana amasiye, zilombo ndi mitengo yolankhula zinali zodzaza m'nthano za pamoto, ndipo mwana akayankha kuti "tilitonse" ankamva zoopsa ali pakati pa abale ake. Chilombo cha m'nthano chimanyamula mau amene mwana sangauze munthu wamkulu maso ndi maso.

Ngati pakhomo panu pali mwana amene wafedwa, musadikire buku lochokera kunja, pakuti kuno mabuku otere ndi osowa. Khalani naye pansi, musimbireni nthano imene ili ndi imfa mkati mwake, ndipo ikatha musafulumire kumutonthoza. Khalani chete, mumupatse mpata wosimba yake.