Msolo wa Pakasupe

Kwathu ndi ku Zomba, kufupi ndi Chirunga, kumene kunasamukira sukulu yaukachenjede ya Chancellor College m'chaka cha 1973. Pamene ine ndinali mwana, nyumba zazikuluzo kunalibe. Kunali tchire, minda, ndi timitsinje totsika m'phiri. Kumunsi kwa munda wa amayi kunali kasupe, ndipo pambali pa kasupeyo panali mtengo waukulu wa msolo. Mtengowo ulipo kufikira lero, ndipo ndiwo wandisowetsa tulo chaka chino.

Ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene mwina kakuseketsani, inu owerenga. Ndili ndi zaka khumi, ine ndi anzanga asanu tinapeka chipembedzo chathuchathu. Ana ena pamasanje ankaphika nsima ya dothi ndi kumanga timisasa. Ife tinaona kuti zimenezo nzachibwana. Tinasesa patsinde pa msolo uja, ndi kuika malamulo. Munthu asafike pamenepo ndi legeni. Asathyole nthambi, ngakhale youma. Akakumana ndi nanzikambe ampatse njira. Awiri akayambana, amwere madzi a pakasupe m'chikho chimodzi, ndipo mlandu uthere pomwepo. Koma chiphunzitso chathu chachikulu chinali chakuti palibe chimene chimafa ndi kutheratu. Tinkati munthu akafa amasanduka mbalame, mbalame ikafa imalowa mumtengo, ndipo mtengo ukakalamba mzimu wake umabadwanso mwa khanda. Tsiku lina tinatola mpheta yakufa. Tinaikulunga m'masamba a nthochi, ndi kuiika m'manda mwaulemu wonse, wina akulira monamizira. Ine ndinali wansembe, pakuti ndinali wamtali kuposa onse.

Nsembe yathu poyamba inali gaga. Koma ndinayamba kuganiza kuti gaga nchakudya cha nkhuku, chosayenera mizimu, motero ndinayamba kutapa ufa woyera m'dengu la Agogo. Tsiku lachitatu anandigwira dzanja lili m'dengumo.

"Amuna anga, ufa wanga mukupita nawo kuti?" anatero.

Ankanditcha amuna awo chifukwa ndinatenga dzina la agogo aamuna, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinalephera kunama, ndipo ndinawatsogolera kumsolo. Anayang'ana posesa paja, ufa uli mbuu patsinde, nakhala chete nthawi yaitali. Ine ndinkayembekeza chikwapu. M'malo mwake anagwada, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Anakuuzani ndani kuti malo ake ndi ano?"

"Palibe, Agogo. Tangopeka tokha."

"Simunapeke. Munamva muli kumsana."

Madzulo ake anandifotokozera. Msolo ndiwo mtengo umene makolo athu, Anyanja ndi Ayao omwe, ankathirapo nsembe. M'chaka cha njala cha 1949, mvula itakana, akuluakulu a mudzi wathu anasonkhana pamtengo womwewo ndi ufa ndi thobwa, natchula maina a akufa mmodzimmodzi, kuwapempha kuti akawadandaulire kwa Chauta. Asanayambe, aliyense wosunga mnzake chakukhosi ankayenera kuchiulula, pakuti nsembe ya anthu odana siilandiridwa. Ndipo nkhwangwa siinkaloledwa kufika pamalopo. Ndinadabwa kumva malamulo athu a pamasewera akutuluka m'kamwa mwa nkhalamba.

Anandiuzanso za dzina langa. Akuti nditabadwa ndinkalira usiku wonse, osayamwa bwino. Atapita kukaombeza anauzidwa kuti malemu akufuna dzina lawo lisagone kumanda. Atanditcha dzinalo, akuti ndinatonthola. Kodi ndiye kuti ine ndine agogowo? Funso limeneli ndinawafunsa, ndipo anaseka kufikira kutsokomola. Anati iyayi, malemu ali kumizimu, koma dzina lawo ndi maso awo zili pa ine. Nditakula ndinamva kuti ku India kuli Ahindu amene amakhulupirira kuti mzimu womwewo umabadwanso m'thupi lina, mwina la munthu mwina la nyama, molingana ndi ntchito zake, ndipo Abuda nawonso amaphunzitsa za kubadwanso. Chikhulupiriro cha makolo athu sichinali chimenecho kwenikweni. Iwo ankati wakufa sapita kutali: amabwera kumaloto, amaoneka ngati njoka yosaluma yolowa m'nyumba, ndipo za mafumu ena ankanong'ona kuti amasanduka mikango. Tsono pamfundo iyi yokha ife ana tinaonjezadi zathu.

Bambo atamva za nsembe yathu sanaseke. Anali mkulu wa mpingo, ndiponso mkamwini pamudzipo, motero mbiri ya mtengowo siinali yawo. Anandikwapula, ndipo chipembedzo chathu chinatha sabata yomweyo. Sindiwadandaula. Ine ndemwe ndakhala Mkhristu moyo wanga wonse, ndipo sindithira nsembe. Koma pamsolo paja sindinadutsepo ndi chipewa kumutu.

Panalinso nkhani ina imene Agogo sankatopa kuikamba, ndiyo ya Napolo. M'mwezi wa December 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba usana ndi usiku. Phiri linagumuka, madzi anatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho inakokoloka, ndipo anthu anafa. Zomba panthawiyo ndiye anali likulu la Boma. Anthu anati ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja ya Chilwa chimalambula njira yake chokha. Ophunzira amalongosola mwina. Amati dothi la pamtsetse likamwa madzi ochuluka limalemera, ndipo limatsetsereka pamwamba pa thanthwe. Mizu ya mitengo imagwira dothilo, ndipo masamba ogwa amachedwetsa madzi kuti alowe pansi, kumene amadzatulukira pakasupe m'chilimwe. Ndinene zoona: mu 1946 mitengo inali yambiri, koma phiri linagumukabe. Mtengo suletsa tsoka lililonse. Komabe ndaona ndi maso anga akasupe atatu a m'dera lathu akuuma mitengo yake itapita kumakala ndi kumauvuni a njerwa. Wathu sanaumepo, ngakhale mu 1995 pamene nyanja ya Chilwa inaphwa. Ndipo mu March 2023, namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera, ambiri a iwo m'munsi mwa mapiri, dzina la Napolo linamvekanso m'kamwa mwa ana amene sanaonepo kachisi.

Tsopano ndifike pa chimene chandivuta. Agogo anapita kalekale, amayi nawonso, ndipo mwini mbumba ndine. Mwezi wa June mwana wa mlongo wanga anabwera kudzandipeza. Waumba njerwa zambiri, akufuna kuotcha; zina amangire nyumba, zina agulitse kuti alipirire mwana wake wamkazi sukulu ya sekondale. Nkhuni zakwera mtengo, ndipo msolo uli pafupi ndi uvuni wake.

"Malume, mtengo uja ungakwanire uvuni wonse," anatero. "Kodi inu mumakhulupirira kuti muli mizimu m'menemo?"

Ndinasowa choyankha msanga. Ndikanati inde, ndikananama. Ndikanati iyayi, nkhwangwa ikanalira m'mawa mwake. Makolo athu anali ndi mawu amodzi otetezera mtengo, akuti mpoletsedwa, ndipo mwana sankafunsanso. Ine mawu amenewo ndilibe. Ndinayesa kumuuza za mizu ndi za madzi, iye nati mtengo umodzi sungasunge kasupe. Mwina akunena zoona. Ndinamukumbutsa kuti mwana wakeyo ndiye anatenga dzina la Agogo.

"Ndiye chifukwa chake ndikufuna aphunzire, Malume," anayankha.

Pamenepo anandigonjetsa, pakuti Agogo sanadziwe kulemba dzina lawo, ndipo ankadandaula nazo kufikira imfa yawo.

Ndinali ndi mitengo ya bulugamu khumi ndi iwiri imene ndinabzala kumtunda kwa munda, ndikuti idzakhale milimo ya nyumba yanga ndikadzafuna kukonza denga. Ndinamuuza kuti aidule yonse, msolo ausiye. Anathokoza ndi manja awiri, monga mwana woleredwa bwino, koma anawerengera pomwepo nandiuza kuti nkhunizo ziperewera, ndipo njerwa zina zikhala zosapsa. Sanalonjeze kanthu za chaka chamawa.

Dzulo ndinatsikira kukasupe. Masamba a msolo ayamba kufiira monga amachitira chilimwe chili chonse. Ndinapeza mtsikana uja akutunga madzi, ndipo ndinampatsa moni wa dzina lake, ndi kumutcha akazi anga monga mwa nthabwala ya kwathu. Anaseka, nasenza ndowa yake. Utsi wa uvuni wa bambo wake unali utayamba kale kukwera kuseri kwa nthochi.