Kiyibodi Yanga ku Massangulo

Masana ndimagwira ntchito ya boma pa Chiponde, madzulo ndimaimba kiyibodi. Kwa zaka zambiri mtima wanga udali pa nyimbo za ku Spain, makamaka zisanu ndi ziwiri zimene Manuel de Falla adakonza mu 1914. Za kwathu kuno ndinkaziyesa zachimidzimidzi.

Akhristu anzanga atakonza ulendo wokapemphera ku Massangulo m'dziko la Mozambique, mishoni imene ansembe a Consolata adatsegula mu 1928, ndidanyamula kiyibodi yanga kuti ndikaonetse luso. Tidadutsa pa Mandimba n'kulowera msewu wa ku Lichinga.

Usiku wa mchezo, mapemphero ali m'kati, mabatire adatha. Ndidangoti kakasi. Koma amayi a kumeneko sadadikire. Mmodzi adayambitsa nyimbo ya m'Chiyao, anzake n'kuvomera uku akuomba m'manja. Ine ndidayesa kuwerenga kagundidwe kake monga ndimachitira ndi nyimbo za m'buku, koma ndidasochera.

"Bambo, lekani kuwerenga, ombani m'manja," adandinong'oneza mayi wina wachikulire.

Nditaomba, ndidakumbukira malemu mayi anga akuimba pamtondo. Manyazi adandigwira. Kodi de Falla uja nyimbo zake adazitenga kuti? Si za anthu wamba a kwawo, iye n'kungoziveka piyano? Mnzangayo adalemekeza za kwawo pamene ine ndinkanyoza zanga.

Mwa nyimbo zonse za mayi ndatsala ndi ziwiri zokha m'mutu. Chibwerereni ku Massangulo ndikuzifunafuna pa kiyibodi, kuti ana anga asadzazisowe.