Kalata yochokera ku Birmingham

Okondedwa Amayi ndi a Malume,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumudziko, ndi kuti mvula yayamba mokoma. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika. Mwezi wa Disembala uno dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, moti ndimapita kuntchito kuli mdima n'kubwereranso kuli mdima.

Achemwali andiuza kuti anthu akakufunsani za ntchito yanga mumangoti, "Amasunga katundu wakale wa azungu." Kusungako n'zoona, Amayi, koma katunduyo ngwa ku Japan. Kwathu tikamva Japan timaganiza za maminibasi ndi magalimoto a Toyota olowera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Zimene ndimasamala ine zinapangidwa magalimoto kulibe.

Birmingham ndi mzinda wachiwiri kwa London, wa anthu oposa 1 miliyoni, ndipo uli pakati pa dziko, kutali ndi nyanja. M'malo mwa mitsinje ikuluikulu kuli ngalande zokumbidwa ndi manja m'zaka za m'ma 1700, zimene ankatengerapo malasha ndi zitsulo. Unali mzinda wa amisiri: osula mfuti, opanga zolembera, mabatani ndi mphete. Mpaka lero ku Jewellery Quarter kuli timashopu momwe anthu amasungunula golide. Ufa, therere ndi nsomba zouma ndimazipeza ku msika wa Bull Ring kapena ku Soho Road ku Handsworth, komwe umamva zilankhulo za ku India, Jamaica ndi Somalia mumsewu umodzi. Pa siteshoni ya New Street pali ng'ombe yaikulu yachitsulo yotsala pa masewera a Commonwealth a 2022, aja anabwera atsikana athu a Malawi Queens.

Mzinda wa amisiriwu unakumana ndi Japan kalekale. M'chaka cha 1872 nthumwi za boma la Japan, zotsogoleredwa ndi Iwakura Tomomi, zinafika kuno kudzaona mafakitale, kuphatikizapo ya magalasi ya Chance Brothers ku Smethwick. Iwo ankafuna kuphunzira makina. Olemera a kuno nawo anagwa m'chikondi ndi ntchito za manja za ku Japan, nayamba kuzigula. Mmodzi anali John Feeney, mwini nyuzipepala ya Birmingham Daily Post, yemwe anapereka zambiri mwa zimene anasonkhanitsa ku Birmingham Museum and Art Gallery, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zaluso yotsegulidwa mu 1885.

Tsopano za ntchito yanga. Mwina muganiza kuti ndimakhala ndikuonetsa alendo zinthu tsiku lonse. Ayi ndithu. Nthawi yambiri ndimakhala m'chipinda chosungiramo, chopanda zenera, pakati pa madirowa. Zimene ndimazikonda kwambiri ndi zithunzi zodinda ndi matabwa, za amisiri ngati Hokusai, amene anamwalira mu 1849, ndi Hiroshige, amene anamwalira mu 1858. A Malume, apa mumvetsere, chifukwa ndi ntchito ya osema ngati inu. Wojambula ankalemba chithunzi papepala. Wosema ankamata pepalalo pa thabwa la mtengo wa cherry n'kusema mozungulira mzere uliwonse, ina yowonda ngati tsitsi. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lake, ndiye wodinda ankapaka utoto, kuika pepala, kukhutiza ndi dzanja, thabwa ndi thabwa, osaphonya ngakhale pang'ono. Pepalalo ankalipanga kuchokera ku khungwa la mtengo, monga agogo ankasulira chiwondo. Zithunzizi zinali zotchipa, anthu wamba a ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, ankazigula mumsewu.

Mdani wamkulu wa zithunzizi ndi kuwala. Utoto wina ankaufinya ku maluwa, ndipo ukaona dzuwa umafwifwa osabwereranso. Choncho chithunzi timachionetsa miyezi yochepa m'chipinda cha nyali zofooka, kenako chimabwerera m'bokosi kukapuma zaka. Alendo ena amadandaula kuti m'chipindamo muli mdima. Ndimawamvetsa, koma sindingasinthe, chifukwa kufiira kumene akuonako kuyenera kudzafikanso kwa zidzukulu zawo. Tsiku lililonse ndimawerenga kachipangizo koyeza chinyezi ndi kutentha. Mpweya ukauma kwambiri matabwa amang'aluka, ukanyowa kumabwera nkhungu.

Palinso timabokosi takuda tonyezimira, topakidwa utomoni wa mtengo wotchedwa urushi. Utomoniwo ukakhala wauwisi umayabwa koopsa, ndipo umauma pokhapokha pamalo achinyezi. Mmisiri amapaka, kudikira, kupukuta, kupakanso, miyezi n'kumapita, kenako amawaza fumbi la golide kupanga mbalame kapena udzu. Timatigwira titavala magolovesi, poti thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka.

Azungu atasilira kunyezimira kumeneku, mtengo wa urushi analibe, ndiye anapeka njira yawo yotchedwa japanning. Ankapaka vanishi pa malata kapena pa mapepala omatikiza, n'kuwotcha mu uvuni. Henry Clay wa kuno ku Birmingham analembetsa njira yake ya mapepalayo mu 1772, ndipo Wolverhampton ndi Bilston zinatchuka ndi mathileyi ndi zitini za tiyi zoterezi. Ndinakwera sitima yamumsewu yodutsa West Bromwich kukaziona ku Bantock House. Ena amazinyoza kuti n'zongokopera. Ine sinditero. Anazipanga anali amuna, amayi ndi ana osauka, opuma utsi wa vanishi tsiku lonse, oti Japan sanamuonepo, koma maluwa awo anawajambula ndi dzanja lokhazikika.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti ambiri mwa anthuwa mayina awo palibe. Ngakhale pa zithunzi za ku Japan, dzina la wojambula ndi chidindo cha wogulitsa zilipo, koma wosema ndi wodinda nthawi zambiri sanalembedwe. Theka la ntchito yanga ndi kufufuza zimenezi: chinthuchi anapanga ndani, liti, anagula ndani, chinafika bwanji kuno. Ndimawerenga makalata akale ndi mabuku a kaundula, ndipo madzulo ndimaphunzirabe zilembo za Chijapani kuti ndizitha kuwerenga zidindo ndekha. Tsiku limene dzina lapezeka ndimabwerera kunyumba ndili wosangalala.

N'chifukwa chake ndili ndi pempho kwa inu a Malume. Mipando, mitondo ndi ziboliboli zimene mumasema zimapita ndi alendo opanda chizindikiro chanu. Chonde yambani kudinda dzina lanu ndi chaka pansi pa chilichonse. Ndatumiza ndalama yoti achimwene agule kope lachikuto cholimba, azilembamo mtengo umene mwasema, kaya ndi mlombwa kaya m'bawa, kumene munaudula, ndi amene anakuphunzitsani. Muwauzenso mayina a osema akale a m'mudzi mwathu amene mukuwakumbukira. Ku Mua, a Bambo Claude Boucher anayamba malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo zimene analemba za gule ndi osema zikuthandiza anthu mpaka kunja kuno. Ifenso tingathe kuyamba ndi kope limodzi. Nsengwa ya agogo ija, Amayi, muichotse pazenera, muikulunge m'chitenje choyera, ndipo muziiyang'ana ngati yalowa chiswe.

Ndalama ya feteleza ili pamodzi ndi ya kopeyo, achemwali akuuzani ikafika. Tchuthi ndapempha cha mwezi wa Ogasiti, mukatha kukolola. Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa a mfumu, ndi kwa ana onse.

Ndine mwana wanu wokukondani.