Wosainira ophunzira unamwino naye amafuna pofunsa

Wophunzira unamwino akatumizidwa kuchipatala chaching'ono cha kumudzi amabwera ndi kabuku. Mmenemo muli ntchito zimene ayenera kuzidziwa: kubaya jakisoni, kuika diripi, kuthandiza mayi pochira. Ine namwino womuyang'anira ndikasainira, ndiye kuti ndavomera kuti mawa akhoza kugwira mlongo wanu payekha. Siginecha imeneyi imalemera, abale.

Ambirife tinaphunzira kusamalira odwala, kuphunzitsa tinangokupeza pantchito. Ophunzira amachokera ku KUHeS kapena m'makoleji a CHAM, ndipo aphunzitsi awo sangafike paliponse sabata iliyonse. Mtunda ndi wautali, mafuta ndi odula, dzinja likafika msewu umasanduka phala. Ukakayika, ufunsa ndani?

Zoom tinaizolowera mu 2020, nthawi ya Covid-19. Pano Lachinayi masana, mzere wa odwala ukachepa, anamwino a zipatala zingapo timakumana pavidiyo ndi mphunzitsi wa kukoleji. Aliyense amabweretsa chimene chamusowetsa tulo.

Changa chinali mtsikana wina wanzeru zedi. Patogirafu, pepala lija timalembapo mmene mayi akuyendera pochira, ankalemba bwinobwino. Koma mayi akangokuwa, manja ake ankauma. Ndimusainire? Mzamba wina wachikulire anandiyankha: "Asisi, musathamange. Muzimvera naye mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, azinena mokweza chimene akuchita. Mantha amathera pakamwa." Ndinatero milungu iwiri, kenako ndinasaina mtima uli m'malo.

Mwina mukuti, bwanji osangoimbirana foni? Zina zimafuna maso. Khanda likabadwa osapuma, mphindi yoyamba ndiyo yofunika kwambiri. Mphunzitsi amatenga chidole, kutionetsa mmene mutu uyenera kukhalira ndi mmene zala zimagwirira chipangizo chopumitsira kuti mpweya usathawe m'mbali. Ife timabwereza iye akuona, kenako timakaphunzitsa ana athu.

Lamulo lathu ndi limodzi: kamera siloza wodwala, ndipo dzina lake papepala timaliphimba.

Zovuta zilipo. Bandulo imachoka m'thumba mwathu, foni timatchaja pasola, netiweki nthawi zina imapezeka kuseri kwa thanki yamadzi basi. Vidiyonso siingagwire dzanja la wophunzira. Imeneyo ndi ntchito yanga, pambali pa bedi. Chimene ndikupempha kwa otumiza ophunzira n'chochepa: pokonza ndalama za ulendo wawo, muziikamonso bandulo ya namwino amene akawalandire.