Mfuti ya malume ndi chimbalangondo cha ku Svalbard

Kwathu munthu ukamachoka pakhomo umapapasa m'thumba kuona ngati watenga foni, makiyi ndi ya minibasi. Ku Longyearbyen ukamatuluka m'tauni umayamba waona ngati watenga mfuti. Ndinakaziona ndekha m'mwezi wa Ogasiti, pomwe ine ndi anzanga a kuyunivesite ku Norway tinapita kumeneko kukaphunzira za miyala kwa masabata angapo.

Longyearbyen ndiyo tauni yaikulu pa zilumba za Svalbard, zomwe zili m'manja mwa dziko la Norway, makilomita pafupifupi 1,300 kuchokera ku North Pole. Mumakhala anthu pafupifupi 2,500. Dzinali linachokera kwa John Longyear wa ku America, yemwe anatsegula migodi ya malasha kumeneko mu 1906. Kulibe mtengo woti n'kukhala pamthunzi, ndi mapiri a miyala okhaokha ndi madzi oundana. Titafika, dzuwa silinkalowa n'komwe. 2 koloko usiku kunja kuli ngwee, koma kukuzizira ngati m'firiji.

Chimbalangondo choyamba ndinachiona pabwalo la ndege, chouma kale, chitaimikidwa pamalo otengera zikwama. Tinajambulitsa nacho tikuseka. Chachiwiri chinali chojambula pa chikwangwani kumapeto kwa tauni, ndipo apa panalibe woseka. Ukadutsa chikwangwanicho walowa kwa eni dziko. Chimbalangondo choyera chachimuna chimatha kulemera makilogalamu oposa 500, ndipo chikafuna kuthamanga chimafika makilomita 40 pa ola.

Kusaka nyamazi kunaletsedwa mu 1973. Komabe lamulo likuti aliyense wotuluka m'tauni akhale ndi chopirikitsira chimbalangondo, ndipo ofesi ya Bwanamkubwa wa Svalbard imalangiza kuti mfuti nayo isasowe. Si mfuti iliyonse ayi. Yochepetsetsa ikhale .308 Winchester kapena .30-06, chipolopolo chake cholemera magalamu 11.5 kapena kuposa, chamtundu womwe umatambasuka ukalowa m'thupi.

Manambala amenewa ankangondizunguza mutu, choncho ndinatumiza voice note kwa malume anga, omwe anagwirapo ntchito yoteteza nyama zakutchire asanapume. Yankho silinachedwe.

"Iwe mwanawe, usakayerekeze kutenga mfuti ya mbalame. Chilombo chachikulu chimafuna .375. Imeneyo ngakhale mvuu imagwada. Ukanene kuti atero ndi malume ako."

Tsiku lophunzira kuwombera ndinakanenadi. Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi, wa imvi, wosapsatira mawu. Anayamba watifotokozera kuti .308 ndi .30-06 mpope wake ndi wofanana kukula, mamilimita 7.62. Zimasiyana pa kabotolo ka onga kakumbuyo kwa chipolopolo: ka .30-06 n'kotalika mamilimita 63, ka .308 ndi 51. Ndipo "06" uja ndi chaka cha 1906, pomwe asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito chipolopolochi. Ya malume ija, .375 H&H, inapangidwa ndi kampani ya Holland & Holland ku London mu 1912, ndipo mpaka lero alenje a njati ndi njovu mu Africa amaidalira. Chipolopolo chake n'chonenepa mamilimita 9.5, ndipo chodziwika kwambiri chimalemera magalamu 19.

"Malume anuwo sananame," anatero mayiwo. "Ine ndili nayo yangayanga m'galimotomo. Tiyeni muilawe."

Ndinagwada, n'kuikhazika paphewa, n'kuwombera. Abale inu! Zinali ngati bulu wandiponda. Makutu ali ndi zotseka, koma mano anagundana. Ndinawomberanso kachiwiri. Kenako anailanda, n'kutembenuka ngati akuikamo chipolopolo china, n'kundibwezera. Nditakoka, inangoti tcha, mulibe kanthu. Koma ine maso ndinali nditatsinzina kale, mutu nditabweza, mpope utaloza pansi. Anzanga anafa nalo phwete.

"Mwaona?" anatero. "Thupi lanu layamba kuopa mfuti kuposa chimbalangondo. Pitani mukaone chandamale."

Chandamalecho chinali chipepala chachikulu ngati chitseko cha kabati, pamtunda wosakwana theka la bwalo la mpira. Ndinapezapo bowo limodzi lokha, kumphepete. Chipolopolo chinacho chinapita kukapereka moni kuphiri.

Atandipatsa .308 zinthu zinasintha. Kukankha kwake paphewa n'kochepa ndi pafupifupi theka, moti ndinatha kuyang'ana osaphethira, kukoka chitsulo cholowetsera chipolopolo china mwachangu, n'kuwomberanso. Zinayi zonse zinalowa pamalo okula ngati mbale ya nsima. Mayi aja anangogwedeza mutu n'kunena kuti chimbalangondo chovulazidwa mwendo ndi mfuti yaikulu n'choopsa kuposa chomwe sichinawomberedwe n'komwe. Mphamvu ya chipolopolo imagwira ntchito pokhapokha chikafika pachifuwa kapena paphewa pa nyamayo.

Anatiphunzitsanso zina zomwe manambala sanena. Zipolopolo zimakhala m'magazini, mumpope mulibe, mpaka pomwe zavutadi. Mafuta ambiri m'mfuti amalimba kukazizira, mfuti n'kukana kulira. M'tauni suyenda ndi mfuti yodzaza, ndipo m'sitolo sulowa nayo. Anatikumbutsa za mu 2011, pomwe chimbalangondo chinapha mnyamata wa ku Britain wa zaka 17 mumsasa, mfuti ya gulu lawo itakana kulira kangapo. Pamenepa nthabwala zonse zinatha.

Patapita masiku anayi tinakwera boti kupita ku Billefjorden, kufupi ndi Pyramiden, tauni ya migodi ya anthu a ku Russia yomwe inatsekedwa mu 1998. Anzanga akugogoda miyala m'mphepete mwa nyanja, ine inali nthawi yanga yolondera. Ndinaima pakachulu, .308 paphewa, kamfuti kophulitsa moto woopsezera m'lamba, zoonera patali m'manja. Mlonda saloledwa kuchita china chilichonse, ngakhale kujambula.

Patatha mphindi ngati 40 ndinaona kadontho kutsidya kwa kagombe, kosayera kwenikweni, kotuwirako ngati batala. Ndinati mwina ndi mwala. Kenako mwalawo unadzutsa mutu n'kununkhiza mphepo.

Miyendo inalobodoka. Chinali kutali, mwina kilomita yathunthu, koma chinayamba kuyenda motsata gombe, mosapupuluma, kulunjika kwathu. Ndinaitana mtsogoleri wathu pa wailesi ndi mawu omwe ine mwini sindinawazindikire. Iye sanakuwe. Anangoti aliyense asiye zomwe akuchita, tiyende limodzi kupita kuboti, wina asathamange. Kuyambira mu 2025 lamulo likuti munthu atalikirane ndi chimbalangondo mamita osachepera 300, ndipo kuyambira Malichi mpaka Juni ndi 500. Chikamabwera, wochoka ndiwe. Ukachiwombera, ngakhale podziteteza, apolisi a Bwanamkubwa amafufuza ngati panalibedi njira ina.

Ndinali womaliza kukwera. Tili panyanja tinachiona chikufika pomwe tinali, n'kununkhiza thumba la miyala lomwe mnzanga wina anaiwala. Miyala ya tsiku lonse inatsala pomwepo, ndipo palibe anadandaula. Ndikutsitsa mfuti paphewa ndinaona kuti manja akunjenjemera, moti kutulutsa zipolopolo zinayi zija kunanditengera nthawi. Ndinadzifunsa kuti manja omwewa akanatani ndi .375.

Usiku umenewo, dzuwa lili phuliphuli pawindo, ndinawaimbira malume n'kuwafotokozera zonse, ngakhale za kutsinzina zija. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye unatenga yaing'onoyo?"

"Eya, malume. Ndi imene ndimatha."

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati pa zaka zonse zomwe anayenda m'tchire, masiku omwe amawakumbuka mokondwa ndi omwe anabwerera kumsasa zipolopolo zili zokwana monga anazitengera m'mawa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Koma amayi ako usawauze za chilombocho mpaka utafika kuno."