Bwampini wa m'timitsinje ta ku Chidzolomondo

Mlendo wochoka ku Furancungo kulowera ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, mwezi wa Seputembala amalandiridwa ndi utsi. Anyamata amakhala atayatsa tchire la m'mbali mwa timitsinje posaka mbewa, tchenzi ndi bwampini.

Bwampini amakumba una wake patsinde pa mitengo, pamthunzi ponyowa. Amatuluka usiku, nanyamula chakudya m'masaya kukasunga ku unako. Alimi amadana naye poti amaba chimanga ndi mtedza.

Komatu akatswiri a bungwe la APOPO, amene anakhazikika ku Morogoro m'dziko la Tanzania m'chaka cha 2000, anapeza kuti kanyamaka kamanunkhiza bomba lokwiriridwa pansi, ndipo n'kopepuka moti sikangaliphulitse. Abwampini ophunzitsidwa anathandiza kufukula mabomba a nthawi ya nkhondo, ngakhale m'chigawo chino cha Tete, mpaka boma la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti ntchitoyo yatha.

Moto ukapsereza m'mbali mwa mtsinje, bwampini amasowa pokhala. Mvula yoyamba imagumula gombe, mchenga n'kukwirira madimba. Ndiwo ya tsiku limodzi imawonongetsa dimba la chaka chonse.