Kalata Imene Inagawa Nyumba

Ku Luangwa, kumene mtsinje wa dzina lomwelo umathira madzi ake mu Zambezi, kunali mnyamata ndi mlongo wake amene anasiya kudyera limodzi chifukwa cha kalata imene onse awiri sanaionepo. Mnyamatayo anali ataphunzira kuyendetsa makina okumba, ndipo ankadikira ntchito pa mgodi wa kopa wa Kangaluwi. Mlongo wake ankaphikira alendo odzaona njovu pamalo ena ogona m'mbali mwa mtsinje.

Kalatayo inali chilolezo chokumba mgodiwo. Malo ake anali m'kati mwa paki ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, choncho pempho la kampani ya Mwembeshi Resources silikanayenda ngati la munthu wofuna kumanga chigayo pamudzi. Mu 2012 bungwe loona za chilengedwe la ZEMA linakana. Mu 2014 nduna inatembenuza chigamulocho, nkhani n'kulowa m'makhoti. Mu 2021 ZEMA inavomera, koma mu 2023 boma linaimitsa ntchito ndipo chilolezo chinathetsedwa.

Otsutsa mgodi ankaloza madzi. Tsidya lina la Zambezi kuli Mana Pools ya ku Zimbabwe, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kumunsi kuli nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique. Zonyansa za mgodi zikalowa mumtsinje, palibe chipata cha m'malire chimene chingaziimitse.

"Alongo, njovu sinalipirepo mwana sukulu," anatero mnyamatayo madzulo ena.

"Nanga ndalama za yunifolomu ya mwana wanu chaka chatha ndinazitenga kuti?" anayankha mlongo wake, maso ali pa mphika.

Onse ankatchula mawu amodzi, chitukuko, koma wina ankaona malipiro a pamwezi, wina ankaona alendo amene adzabwerabe mgodi utatha. Lamulo loteteza paki linali ndi mphamvu yoletsa kukumba, koma linalibe yankho kwa munthu amene anadikira zaka 11 akumva lero inde, mawa ayi.

Chilolezo chitathetsedwa, mnyamatayo anakwera basi ya ku Solwezi kukafuna ntchito kumigodi ya kumeneko. Mlongo wake anamuperekeza m'mamawa, namupatsa nsomba zouma ndi ndalama ya ulendo. Mwana wake anatsala m'manja mwa azakhali akewo.